Mkodzo Woyera Si Umboni Woti Munthu Ali Bwino: Kuunikanso Njira Yoyeza Mkodzo ndi Maso

Kuyeza mkodzo mu labotale kuli ndi magawo atatu. Gawo loyamba ndi kuuona mmene ulili: mtundu wake, kuyera kapena kuvunduka kwake, thovu, fungo, kuchuluka ndi kulemera kwake. Gawo lachiwiri ndi kuviikamo kapepala koyezera, kamene kamasintha mtundu kakapeza magazi, shuga, mapuloteni ndi zina. Gawo lachitatu ndi kuunika pa maikulosikopu zimene zadikha pansi pa kabotolo. Mwa magawo atatuwa, loyambalo mbali yake yaikulu safuna magetsi kapena ndalama, n'chifukwa chake lafika kutali kuposa enawo. Mlangizi wa zaumoyo kumudzi, mphunzitsi pa tsiku lomwetsa ana mankhwala a likodzo, ngakhale mayi amene akusintha mwana thewera, onsewa amayeza mkodzo ndi maso.

Nkhaniyi ikuunika mmene njira imeneyi ikugwiritsidwira ntchito, pamodzi ndi zida ziwiri zodziwika zimene zinamangidwa pa iyo: mafunso a mkodzo wofiira ofufuzira likodzo, ndi tchati cha mitundu ya mkodzo choonera kuchepa kwa madzi m'thupi. Mfundo yaikulu ndi imodzi. Maso ndi odalirika pochenjeza kuti pali vuto, koma ndi ofooka kwambiri potsimikizira kuti palibe vuto. Zolakwika zambiri zimachitika pamene wogwira ntchito waiwala kusiyana kwa ziwirizi.

Phunziro la m'mbiri

Kwa zaka mazana ambiri ku Ulaya, madokotala ankadziwika ndi botolo lagalasi lotchedwa matula. Ankaliloza ku kuwala ndi kuyerekeza mkodzo ndi chithunzi chozungulira chokhala ndi mitundu pafupifupi 20, uliwonse ndi matenda ake. Ena anafika pomatchula matenda ndi kupereka mankhwala wodwala asanamuone n'komwe, bola wachibale wabweretsa mkodzo. M'chaka cha 1637, Thomas Brian wa ku England analemba buku lotchedwa The Pisse-Prophet lodzudzula chinyengo chimenechi.

Komabe si zonse za nthawiyo zimene zinali zachabe. Asing'anga akale a ku India anaona kuti nyerere zimasonkhana pa mkodzo wa odwala ena. Mu 1674 Thomas Willis analemba za kutsekemera kwa mkodzo wa odwala oterewa, ndipo mu 1776 Matthew Dobson anauphwetsa pamoto n'kupeza kuti chotsalira chinali shuga. Apa ndi pamene pali phunziro: chimene chaoneka chimakhala ndi phindu chikatsatiridwa ndi kuyeza. Chikasanduka yankho lomaliza, wodwala ndi amene amavutika.

Mzere woyamba wa pa fomu

Pa fomu ya zotsatira za mkodzo, mzere wa maonekedwe umakhala pamwamba. Si zachilendo kuuona utadzazidwa ndi mawu awiri omwewo pa odwala onse, akuti wachikasu ndi woyera, kapena utasiyidwa wopanda kanthu. Vuto lenileni lili pa zimene fomu sifunsa. Mafomu ambiri ali ndi malo a tsiku, koma alibe malo a ola limene mkodzo unaperekedwa, ola limene unayezedwa, ndi mankhwala amene wodwala akumwa. Popanda zitatuzi, mawu a pa mzere woyamba sathandiza amene akupereka chithandizo.

Mkodzo umasintha ukakhalitsa. Malangizo a mu labotale amati uyezedwe pasanathe maola 2 ngati sunaikidwe mu firiji. Ukakhala pa shelefu m'nyengo yotentha, tizilombo ta bakiteriya timaswana, timasandutsa urea kukhala ammonia, ndipo mkodzo umayamba kununkha ndi kuvunduka ngakhale munthuyo alibe matenda a m'chikhodzodzo. Tizilombo tomweto timadya shuga amene analimo. Bilirubin, chinthu chimene chimadetsa mkodzo wa munthu wodwala chikasu, amaonongeka ndi kuwala. Maselo ofiira a magazi amaphulika mu mkodzo wosungunuka. Firiji imachepetsa mavutowa, koma nayo imabweretsa lake: mchere wina wa mu mkodzo umaundana ukazizira, ndipo mkodzo umene unali woyera umaoneka wambuu.

Chidebe nacho chili ndi gawo. Mkodzo wobwera m'kabotolo kabulauni ka mankhwala, kapena m'botolo la chakumwa limene silinatsukidwe bwino, sungaweruzidwe mtundu. Botolo limene munali chakumwa chotsekemera lingathenso kusokoneza kapepala koyezera shuga, ndipo la sopo limachititsa thovu. Kaonedwe koyenera ndi kosavuta: kabotolo koonekera mkati, kugwedeza pang'ono kuti zodikha zisakanikirane, kuika pepala loyera kumbuyo, ndi kuona pa kuwala kokwanira. Poyeza kuyera, njira yabwino ndi kuika pepala lolembedwa kuseri kwa kabotolo ndi kuona ngati zilembo zikuwerengeka. Zonsezi sizitenga mphindi imodzi, ndipo akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mawu a mitundu amasokoneza

Kunja kwa labotale, nthawi zambiri wogwira ntchito sauona mkodzowo. Amafunsa. Apa pali vuto limene mabuku olembedwa m'Chingelezi salitchula. M'Chichewa, mawu akuti "woyera" angatanthauze mkodzo woonekera mkati ngati madzi, wotuwa ngati mkaka, kapena wopanda zinyalala. Mawu akuti "wofiira" amanenedwa pa magazi, pa dothi lakatondo, pa tiyi wopanda mkaka, ngakhalenso pa mkodzo wa munthu amene wakhala akulima padzuwa osamwa madzi. Mawu akuti "wakuda" angatanthauze wodera chabe kapena wakuda ndithu ngati Coca-Cola.

Kusiyanaku si kwa mawu okha. Mkodzo woyera ngati madzi ukhoza kukhala wa munthu amene wamwa madzi ambiri, kapena wa munthu amene shuga wake wakwera. Woyera ngati mkaka ukhoza kukhala ndi mafinya, kapena mafuta ochokera m'njira za m'thupi zimene zatsekeka ndi nyongolotsi za matenda otupitsa miyendo ofalitsidwa ndi udzudzu. Dziko la Malawi linavomerezedwa ndi bungwe la WHO mu 2020 kuti linathetsa matendawa ngati vuto lalikulu la zaumoyo, koma anthu amene anaonongeka kale m'thupi akadalipo. Mawu amodzi, matenda atatu osiyana.

Choncho funso lakuti "Mkodzo wanu ndi wooneka bwanji?" ndi lofooka likaima palokha. Limafunika kutsatiridwa ndi kuyerekeza ndi zinthu zimene wodwala amazidziwa: "Kodi ukuoneka ngati madzi, ngati tiyi wopanda mkaka, ngati madzi otsukira nyama, kapena ngati mkaka?" Ndipo pa magazi: "Kodi mumaona magazi enieni? Amabwera poyamba, pothera, kapena mkodzo wonse umakhala wosakanikirana?" Chimene wodwala wayankha chilembedwe m'mawu akewo, osachisandutsa dzina la matenda.

Mafunso a mkodzo wofiira ndi likodzo

Palibe matenda amene kuona mkodzo kwathandiza kwambiri kuposa likodzo la m'chikhodzodzo. Nyongolotsi yake, Schistosoma haematobium, inapezeka ndi Theodor Bilharz ku Cairo mu 1851. Imakhala m'mitsempha yozungulira chikhodzodzo, ndipo mazira ake akamaboola khungu la mkati mwa chikhodzodzo amachititsa magazi, makamaka madontho omaliza pokodza. Imafala kudzera mu nkhono za mtundu wa Bulinus, zimene zimapezeka m'mbali mwa Nyanja ya Malawi, ku Nyanja ya Chilwa, m'chigwa cha Shire ndi m'minda yothirira.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, Christian Lengeler ndi anzake anayesa ku Tanzania njira yotumiza mafunso kwa aphunzitsi kuti afunse ana a sukulu ngati anaonapo magazi mu mkodzo. Pambuyo pake njirayi inayesedwa m'maiko ena angapo a mu Africa, kuphatikizapo Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, ndipo zotsatira zinafalitsidwa mu 1995. M'maiko ambiri mwa amenewa, sukulu zimene ana ambiri anayankha kuti inde zinapezekadi kuti ndi zimene zinali ndi likodzo lambiri. Bungwe la WHO linadzavomereza kuti dera limene ana 30 pa 100 aliwonse kapena kuposerapo anena kuti amakodza magazi liwerengedwe ngati dera la chiopsezo chachikulu. Iyi inali ntchito yabwino, ndipo inathandiza kulondolera mankhwala kumene ankafunika kwambiri pa mtengo wochepa.

Chofunika kukumbukira ndi chakuti chida chimenechi chinapangidwa kuti chisanje sukulu ndi midzi, pa nthawi imene ana ambiri anali ndi nyongolotsi zochuluka. Sichinapangidwe kuti chiuze mwana mmodzi kuti alibe likodzo. Pali zifukwa zinayi zimene zikuchifooketsa masiku ano.

Choyamba, magazi ooneka ndi maso amagwirizana ndi matenda aakulu. Mu labotale, likodzo limatchedwa lalikulu ngati mwapezeka mazira 50 kapena kuposerapo mu mamililita 10 a mkodzo wosefedwa. Mwana amene ali ndi mazira ochepa kawirikawiri amakodza mkodzo wooneka bwinobwino, pamene kapepala koyezera kangapezemo magazi osaoneka. Zaka zomwetsa praziquantel m'sukulu zimachepetsa ana a matenda aakulu, ndiye kuti otsalawo ndi amene maso sawaona. Malangizo a WHO a mu 2022 akuti dera limene anthu 10 pa 100 aliwonse ali ndi likodzo lizilandira mankhwala chaka chilichonse, kuyambira ana a zaka 2 kupita m'tsogolo. Funso la mkodzo wofiira silingathe kusiyanitsa bwino dera limene lili pamwamba pang'ono pa mzerewu ndi limene lili pansi pake.

Chachiwiri, atsikana sanena momasuka ngati anyamata. Ena amachita manyazi pamaso pa mphunzitsi wamwamuna, ena amasokoneza magaziwo ndi a msambo. Komanso likodzo limagwira ziwalo zoberekera za amayi ndi atsikana, n'kumachititsa kuyabwa, chikazi chosazolowereka, kupweteka pogonana ndi kutaya magazi, pomwe mkodzo ukuoneka woyera. Mayi wotere akhoza kulandira mankhwala a matenda opatsirana pogonana kangapo konse, banja n'kugwedezeka, likodzo osaganiziridwa.

Chachitatu, mazira ndi magazi sizituluka mofanana tsiku lonse. N'chifukwa chake mkodzo wofufuzira likodzo umatengedwa pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana, ndipo madontho omaliza asatayidwe. Apa pali kusiyana ndi mkodzo wofufuzira matenda a bakiteriya, umene umafunika wapakati pokodza. Wogwira ntchito amene amapereka malangizo amodzimodzi kwa aliyense amataya umboni wofunika.

Chachinayi, pali likodzo la m'matumbo loyambitsidwa ndi Schistosoma mansoni, limene silifiiritsa mkodzo. M'zaka zaposachedwa ofufuza apeza nkhono za mtundu wa Biomphalaria, zofalitsa likodzo limeneli, m'mbali mwa nyanja m'boma la Mangochi, ndiponso ana a sukulu amene ali nalo. Dera lotere likhoza kuyankha kuti ayi pa funso la mkodzo wofiira pomwe ziwindi za ana zikuonongeka.

Kufiira konse si likodzo

Mbali ina ya vuto lomweli ndi kufulumira kutchula likodzo pa mkodzo uliwonse wofiira. Magazi okwana mililita imodzi yokha mu lita ya mkodzo amakwanira kusintha mtundu, choncho kufiira sikusonyeza kuchuluka kwa magazi otayika, ndipo sikusonyeza gwero lake.

Mankhwala a rifampicin a chifuwa chachikulu, ndi rifapentine amene amaperekedwa popewa matendawa, amasandutsa mkodzo, thukuta ndi misozi kukhala zofiirira ngati olenji. Izi sizoopsa, koma wodwala amene sanauzidwe akhoza kuleka mankhwala poganiza kuti akukodza magazi. Komanso wodwala yemweyo mkodzo wake ukadera ngati tiyi, maso n'kuchita chikasu, akusanza, chimenecho ndi chizindikiro chakuti chiwindi chavulala, ndipo afunika kuonedwa tsiku lomwelo. Amene anaphunzitsidwa kuti mankhwala a TB amafiiritsa mkodzo, osaphunzitsidwa kuyang'ana m'maso, akhoza kumubweza wodwalayu ndi mawu olimbikitsa. Metronidazole ndi nitrofurantoin amaderetsa mkodzo, mavitamini a gulu la B amauchititsa chikasu chowala, ndipo ndiwo za beetroot zimaufiiritsa mwa anthu ena.

Mwana amene ali ndi malungo n'kumakodza mkodzo wakuda ngati Coca-Cola ali pa ngozi. Maselo ake ofiira akuphulika m'mitsempha, magazi akuchepa msanga, ndipo impso zikhoza kuima. Uyu ndi wotumiza ku chipatala chachikulu mosachedwa. Mwana wina akhoza kukhala ndi mkodzo ngati tiyi, nkhope yotupa m'mawa ndi magazi othamanga, patapita masabata ochepa chidwalireni zilonda zapakhosi kapena mphere zimene zinachita mafinya. Amenewo ndi matenda a impso, ndipo praziquantel sangawathandize.

Munthu wamkulu amene akukodza magazi popanda ululu afunika kufufuzidwa khansa ya chikhodzodzo, makamaka ngati magaziwo akupitirira atamwa kale praziquantel. Likodzo lokhalitsa ndi limodzi mwa zinthu zodziwika zoyambitsa khansa imeneyi. Kumwetsa bambo wa zaka 55 mankhwala a likodzo kachitatu popanda kumutumiza ndiko kumutayitsa miyezi imene ikanamupulumutsa.

Pano gawo loona ndi maso lili ndi mphamvu imene ambiri saigwiritsa ntchito. Mkodzo wofiira ukazunguzidwa pa makina a centrifuge, kapena ukangosiyidwa kuti udikhe, maselo ofiira athunthu amapita pansi ndipo pamwamba pamayera. Ngati pamwamba pakhalabe pofiira, ndiye kuti mtunduwo ukuchokera ku maselo amene aphulika kale, ku minofu yovulala, kapena ku mankhwala ndi zakudya. Kapepala koyezera kamamaliza nkhani: kamasonyeza magazi pa ziwiri zoyambazo, koma sikasintha pa rifampicin kapena beetroot, ngakhale mtundu wa mankhwalawo ungavutitse kuwerenga. Mayi aliyense afunsidwenso ngati ali kumwezi.

Tchati cha mitundu 8

Mu 1994, Lawrence Armstrong ndi anzake ku University of Connecticut ku America anafalitsa tchati cha mitundu 8 ya mkodzo, kuyambira wotuwa mpaka wodera kwambiri, choti munthu aziona ngati akumwa madzi okwanira. Chinayesedwa pa anthu athanzi, makamaka ochita masewero, ndipo pa anthu otere chimagwira ntchito yake. Zithunzi zofanana nacho zafala m'mafoni ndi m'maphunziro a zaumoyo. Kwa mlimi, wopalasa kabaza kapena wodula nzimbe ku Chikwawa, uthenga wakuti mkodzo ukadera amwe madzi ndi wothandiza.

Vuto limayamba tchatichi chikalowa m'chipinda cha odwala. Chimaganiza kuti impso zikugwira bwino ntchito ndipo palibe china chimene chikusintha mtundu. Munthu amene shuga wake wakwera kwambiri amakodza mkodzo wochuluka ndi wotuwa pamene thupi lake likuuma, ndipo tchati chimamuika m'gulu la anthu amene ali bwino. Munthu amene impso zake zaonongeka sangathe kukhuthalitsa mkodzo, choncho umakhala wotuwa nthawi zonse. Wodwala chiwindi amaikidwa m'gulu la osowa madzi n'kuuzidwa kuti azingomwa. Kuonjezera apo, mitundu imasintha malinga ndi makina osindikizira, imafwifwa ndi dzuwa, ndipo anthu ena, makamaka amuna, amabadwa osatha kusiyanitsa bwino mitundu ina.

N'zosadabwitsa kuti ndondomeko ya IMCI yoonera ana odwala sidalira mtundu wa mkodzo poyeza kuchepa kwa madzi. Imayang'ana ngati mwana wafooka kapena akuvutavuta, ngati maso alowa, mmene akumwera, ndi mmene khungu la pamimba likubwerera likatsinidwa. Pa kutsekula m'mimba ndi kolera, monga mliri wa mu 2022 ndi 2023, funso lothandiza pa mkodzo ndi lakuti wodwala wakodza liti komaliza, ndipo ngati wayambiranso kukodza atalandira madzi.

Kuvunduka, thovu ndi fungo

Mkodzo wovunduka umachititsa anthu ambiri kuganiza za matenda a m'njira ya mkodzo. Nthawi zina n'zoona, chifukwa mafinya ndi bakiteriya zimauvundula. Koma mchere wa phosphate umachita chimodzimodzi mwa munthu wathanzi, makamaka atangodya. Chikazi, umuna ndi mafuta odzola nazonso zimatero. Kupereka maantibayotiki chifukwa cha kuvunduka kapena fungo lokha, wodwala alibe kutentha pokodza, kukodza pafupipafupi kapena kutentha thupi, kumathandizira vuto la tizilombo tosamva mankhwala.

Kusikelo ya amayi oyembekezera ndi kumene kudalira maso kuli koopsa kwambiri. Mayi akhoza kukhala ndi bakiteriya mu mkodzo popanda chizindikiro chilichonse, ndipo zimenezi zikapanda kuchizidwa zimatha kukwera ku impso kapena kuchititsa kuti mwana abadwe masiku asanakwane. Malangizo a WHO a mu 2016 akuti njira yoyenera ndi kumeretsa tizilombo ta mu mkodzo mu labotale, ndipo kumene izi sizitheka, kuunika pa maikulosikopu mkodzo wopakidwa utoto wa Gram kuli bwino kuposa kapepala. Kuona ndi maso sikukutchulidwa ngati njira yofufuzira.

Chimodzimodzi ndi mapuloteni. Thovu loyera losatha msanga likhoza kusonyeza kuti mapuloteni akutuluka ambiri, ndipo thovu lachikasu limaloza ku chiwindi. Koma mayi amene wapitirira masabata 20, magazi ake akuthamanga pa 140/90 kapena kuposa, akhoza kukhala ndi mapuloteni mu mkodzo wopanda thovu ngakhale pang'ono. Timapepala tikatha, mawu akuti mkodzo ukuoneka bwino asalembedwe pamalo pa zotsatira. Chilembedwe chilungamo chakuti mapuloteni sanayezedwe, ndipo mayiyo atumizidwe. Zomwezi zikukhudza anthu amene akumwa ma ARV okhala ndi tenofovir: mwa anthu ochepa mankhwalawa amavulaza impso, ndipo zizindikiro zoyamba, monga mapuloteni kapena shuga mu mkodzo, sizioneka ndi maso.

Pa fungo, palibe chifukwa chonunkhiza kabotolo dala. Fungo lodziwonetsa lokha, monga lotsekemera ngati zipatso mwa wodwala shuga amene akupuma mozama, lilembedwe ndipo litsatiridwe ndi kuyeza shuga ndi ma ketone.

Gawo lamphamvu ndi limene limaiwalika

Chodabwitsa n'chakuti mbali ziwiri za gawoli zimene zimapereka manambala ndi zimene zimanyalanyazidwa. Yoyamba ndi kuchuluka. Munthu wamkulu amakodza pafupifupi mamililita 800 mpaka 2,000 pa tsiku. Akamakodza ochepera 400, kutanthauza kuti sangadzaze botolo la madzi la mamililita 500 pa tsiku lonse, impso zili pa vuto kapena madzi achepa kwambiri m'thupi. Akamapitirira malita 3, shuga ayezedwe. Mayi amene akulandira magnesium sulphate amafunika kutulutsa mkodzo wosachepera mamililita 30 pa ola, apo ayi mankhwalawo amaunjikana m'thupi ndipo angamulepheretse kupuma. Nambala imeneyi imapezeka ndi jagi yokhala ndi mizere kapena thumba la kathita ndi wotchi basi. Mawu akuti "wakodza" pa tchati cha wodwala sakwanira.

Yachiwiri ndi kulemera kwa mkodzo poyerekeza ndi madzi, kumene mu labotale amakutcha specific gravity. Madzi amawerengedwa 1.000, ndipo mkodzo wa munthu wathanzi kawirikawiri umakhala pakati pa 1.005 ndi 1.030. Nambalayi imathandiza kumasulira zina zonse. Mkodzo wotuwa koma wolemera umaloza ku shuga. Mkodzo umene ukungokhala pafupi ndi 1.010 tsiku ndi tsiku, munthu amwe madzi kapena asamwe, umasonyeza impso zimene zalephera kukhuthalitsa kapena kusungunula. Mapuloteni ochepa opezeka mu mkodzo wosungunuka kwambiri ndi nkhani yaikulu kuposa omwewo mu mkodzo wokhuthala. Zida zoyezera zimasiyana: refractometer imawerenga mokwera pakakhala shuga kapena mapuloteni ambiri, pamene kapepala sikamva shuga pa bokosi limeneli. Choncho fomu izisonyeza chida chimene chagwiritsidwa ntchito.

Zoyenera kusintha

Kuona mkodzo ndi maso kuyenera kukhalabe, ndipo kuyenera kuphunzitsidwa mozama kuposa panopa. Zosintha zofunika sizidula.

Mafomu akhale ndi malo a ola lopereka mkodzo, ola loyeza, mankhwala amene wodwala akumwa, ndi funso la msambo. Labotale iliyonse igwirizane pa mawu ochepa ofotokozera mtundu ndi kuyera, ndipo onse azigwiritsa ntchito omwewo. Zimene maso aona ziziyerekezedwa ndi za kapepala ndi maikulosikopu zotsatira zisanatuluke, chifukwa pamene zikutsutsana m'pamene nthawi zambiri pali cholakwika kapena matenda obisika.

Alangizi a zaumoyo ndi anthu ongodzipereka aphunzitsidwe mndandanda waufupi wa zotumiza mwachangu: mkodzo wakuda mwa wodwala malungo, mkodzo ngati tiyi ndi kutupa nkhope, mkodzo wodera ndi maso achikasu, magazi mwa munthu wamkulu kapena magazi osatha atamwa praziquantel, ndi kusakodza kapena kukodza pang'ono kwambiri. Aphunzitsidwenso magulu amene mkodzo wooneka bwino sutsimikizira kanthu: amayi oyembekezera, odwala shuga, a kuthamanga kwa magazi, amene akumwa ma ARV, ndi aliyense amene amasamba, kuchapa kapena kuwedza m'madzi a nkhono. Aliyense woyamba rifampicin kapena rifapentine auzidwe za kusintha kwa mtundu asanatuluke pakhomo, ndipo auzidwenso kusiyana kwake ndi chikasu.

Oyendetsa ntchito yolimbana ndi likodzo aziona mafunso a mkodzo wofiira ngati chida cholozera madera oyenera kuyamba nawo, ndipo asanagamule kuti dera lachira, ayeze ndi timapepala, kusefa mkodzo ndi kuunika chimbudzi. Ofufuza a m'makoleji ali ndi ntchito yowadikira: kuyesa m'midzi kuti ndi mawu ati a Chichewa, Chiyao, Chisena, Chitonga ndi Chitumbuka amene amabweretsa yankho logwirizana ndi zotsatira za mu labotale, kwa anyamata ndi atsikana padera.

Pomaliza, mzere woyamba wa pa fomu uzilemba chimene chaoneka. Chigamulo chakuti wodwala ali bwino chidikire mizere yotsatirayo.